Tcheni, chingwe kapena lamba: mukoke ndi chiti pa thalakitala?

Mvula ya mu Januwale ikakhazikika, foni ya munthu amene ali ndi thalakitala siipuma. Uyu lole yake yatitimira pa dambo, uyu ngolo yakana kutuluka pa khwawa, winanso mtengo wagwera pa msewu wopita ku munda. Onsewa akufuna chinthu chimodzi, kukokedwa. Ndipo nthawi zambiri chokokera chimakhala chilichonse chimene chapezeka pafupi.

Ine ndinasiya kuitenga mopepuka nkhaniyi chaka china mu Januwale, ndikugwira ntchito pa famu ina mbali ya ku Mchinji. Lole yodzaza feteleza wobereketsa inamira pa dambo la kumunsi kwathu, matayala akumbuyo atalowa mpaka pakati. Tinapita ndi thalakitala. Tcheni chathu chinali chachifupi, ndipo pakati pake panali mphete imene inaduka kalekale, wina n'kulumikizapo ndi bawuti. Pofuna kuti thalakitala iime pouma, mwini lole anatulutsa chingwe choyera cha nayiloni, chonenepa ngati mkono wa mwana. Tinakola tcheni ku lole, chingwe ku thalakitala, pakati n'kumangirira chingwecho pa ngowe ya tcheni. Kukoka koyamba lole osagwedezeka n'komwe. Dalaivala anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti apeze poyambira, n'kuponda moto. Kachitatu tinangomva phaa! ngati mfuti. Bawuti ija inali itathyoka, ndipo chidutswa cha tcheni pamodzi ndi ngowe chinauluka n'kukaboola chitsulo chotchinga tayala, pambali penipeni pa nthiti za dalaivala. Ana a m'mudzi amene anabwera kudzaonerera anali ataima mamita ochepa chabe kuchokera pamenepo.

Panali mkulu wina, dalaivala wakale wa m'maesiteti a fodya, amene anafika phokosolo litangomveka. Anatola ngowe ija, n'kuitembenuza m'manja, kenako anati, "Ana inu, apa mwapanga legeni. Mphira wake ndi chingwechi, mwala ndi ngowe iyi, mbalame yake ndi mnzanuyu. Tsitsani matumba, tengani makasu."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamasankha chokokera sindiyamba ndi funso loti n'cholimba bwanji. Ndimayamba ndi loti chikaduka chichita chiyani, ndipo chilowera kuti. Tcheni, chingwe, lamba ndi waya zonse zimaduka, koma chilichonse chimaduka mwa mtundu wake, ndipo pamenepo m'pamene pagona kusiyana kwake.

Muyambe mwadziwa chimene mukukoka

Mathalakitala amene afala m'minda mwathu, monga Massey Ferguson 375 ndi anzake a msinkhu umenewo, salemera kupitirira matani 3 akakhala opanda zitsulo zowonjezera. Thalakitala yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ikamakoka mwachifatse pa dothi louma, mphamvu imene imaika pa chokokera ndi pafupifupi theka la kulemera kwake. Kupitirira apo matayala amangoyamba kupalasa. Ndiye kuti thalakitala yotereyi, ikakhala m'manja mwa munthu wodekha, siidula tcheni chabwino. Chimene chimadula ndi kutsomphola, kuja kobwerera m'mbuyo kuti tcheni chikhwepe kenako n'kuthamanga. Matani 3 oyenda akaimitsidwa mwadzidzidzi ndi chitsulo chosatamuka, mphamvu yake imachulukitsidwa kangapo m'kuphethira kwa diso. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuimitsa imawirikiza kanayi.

Mbali inayo ndi katundu. Ngolo yoyenda pa matayala pa msewu wolimba imafuna mphamvu yochepa, gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake kapena kucheperapo. Chipika chokwekwerezedwa pansi chimafuna theka la kulemera kwake kapena kuposa. Galimoto yotitimira ndiye nkhani ina. Mabuku a asilikali a ku America ophunzitsa kuvuula magalimoto amawerengera motere: ikamira mpaka pakati pa matayala, pamafunika mphamvu yofanana ndi kulemera kwake konse; matayala akamira mpaka pamwamba, kuwirikiza kawiri; matope akafika pa thupi la galimoto, katatu.

Tawerengerani lole ija. Matumba 200 a makilogalamu 50 ndi matani 10, kuphatikizapo lole yeniyeniyo mwina matani 15 onse pamodzi. Thalakitala yokoka tani imodzi ndi theka ingavuule bwanji zimenezo? Palibe tcheni kapena chingwe chimene chikanasintha masamu amenewa. N'chifukwa chake mkulu uja anayamba ndi makasu ndi kutsitsa katundu. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amafunafuna chokokera chachikulu pamene vuto ndi lakuti chokoka chachepa.

Tcheni

Pa ntchito yokwekwereza pansi palibe choposa tcheni. Zipika, zitsa, miyala, zitsulo zakuthwa m'mbali, zonsezi zimadya chingwe ndi lamba, koma tcheni chimangodutsa. Sichiopa dzuwa, minga, dizilo kapena matope. Chimafupikitsidwa mosavuta ndi ngowe yopapatiza kukamwa imene imagwira mphete imodzi, pamene ngowe yotakasuka kukamwa imalola tcheni kuyenda n'kuthina chipika ngati msampha. Amene anaonako ntchito yotulutsa mitengo ya paini ku Chikangawa amadziwa kuti chimene chimakhudza nthaka ndi makungwa chimayenera kukhala chitsulo.

Koma matcheni sali ofanana, ngakhale maso amati ndi amodzi. Pali magiredi. Tcheni wamba, cha Grade 30, cha mamilimita 10, chimaloledwa kunyamula pafupifupi matani 1.2. Cha Grade 70 cha msinkhu womwewo, chija chooneka chachikasu ngati golide chimene a malole amamangira katundu, chimafika pafupifupi matani 3. Cha Grade 80 cha mamilimita 10 chimaloledwa matani 3.15, cha mamilimita 8 matani 2, cha mamilimita 13 matani 5.3, cha mamilimita 16 matani 8. Manambala amenewa ndi amene amalembedwa kuti WLL, kutanthauza katundu amene chokokeracho chingagwire tsiku ndi tsiku osatopa. Poduka penipeni pa Grade 80 ndi kanayi kuposa apo, ndiye kuti cha mamilimita 10 chimaduka cha m'ma matani 12. Mpata umenewo ndi wotetezera zangozi, si woti muzigwirirapo ntchito.

Giredi imadindidwa pa mphete zina za tchenicho: 7 kapena 70, 8 kapena 80, 10 kapena 100. Pukutani mphete zingapo ndi kansalu m'sitolo momwemo, muone. Tcheni chopanda chidindo chilichonse muchitenge ngati cha giredi yotsikitsitsa, ngakhale wogulitsa atachikometsera bwanji. M'mahadiweya ambiri chimene chimapimidwa pa mita ndi chotere, chonyezimira bwino, choyenera pa geti kapena pomangira galu. Tcheni cha ng'ombe, chokokera pulawo ndi ngolo, chinapangidwira mphamvu ya nyama ziwiri kapena zinayi. Musachipatse ntchito ya injini.

Anthu amanena kuti tcheni chikaduka chimangogwa pansi. Pali zoona pang'ono, chifukwa sichitamuka kwambiri ndiye sichisunga mphamvu yochuluka ngati nayiloni. Koma ndaonapo tcheni chokungika chikubwerera ngati chikoti, ndipo mphete yothyoka imathetheka n'kuuluka. Ubwino wa Grade 80 ndi wakuti chimachenjeza: mphete zimayamba zatalika, n'kupanikizana, zisanathyoke. Mukaona mphete zimene zasiya kuyenda momasuka mwa zinzake, kapena zadyeka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kunenepa kwake, tchenicho chatha ntchito.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kulumikiza. Tcheni chikaduka, ife timathamangira bawuti, waya kapena wowotcherera wa pa msika. Matcheni a magiredi apamwamba amalimba chifukwa chitsulo chake chinatenthedwa ndi kuziziritsidwa mwaluso ku fakitale, ndipo moto wowotcherera umafafaniza zonsezo pa mphete imeneyo ndi zoyandikana nazo. Bawuti nayonso inapangidwa kuti izimanga zinthu, osati kupindidwa pakati pa mphete ziwiri. Pali timphete tolumikizira tcheni ta giredi yofanana, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa galasi la lole. Mfundo pa tcheni, kapena tcheni chopotokola, nazonso zimachotsa mphamvu.

Kuipa kwa tcheni n'kulemera. Cha mamilimita 10 chimapitirira makilogalamu 2 pa mita iliyonse, ndiye mamita 10 a cha mamilimita 13 si katundu woyenda naye m'matope ofika m'mawondo. Ndipo chifukwa sichitamuka, kugunda konse kumapita molunjika ku pini, ku drawbar (chitsulo chokolerapo cha kumbuyo kwa thalakitala) ndi ku chimango cha galimoto imene mukukoka. Pa tcheni lamulo ndi limodzi: kungani kaye pang'onopang'ono mpaka chiwongoke, ndiyeno wonjezerani moto mwachifatse, pa giya yotsika. Kutsomphola ndi tcheni ayi.

Chingwe

Mawu oti chingwe amabisa zinthu zambiri zosiyana. Cha khonje ndi chomangira mbuzi ndi mitolo, chimaola chikanyowa, tisachitchulenso pa nkhani ya thalakitala. Chija cha buluu kapena chachikasu chopepuka, cha polypropylene, chimene chili pa msika uliwonse ndipo chimayandama pa madzi, n'chabwino pa chitsime ndi pomanga tenti ya pa lole. Dzuwa lathuli limachidya msanga. Mukachipotoza n'kuona tiufa tikugwa, kapena tiulusi tikubaya m'manja, dziwani kuti chapsa ngakhale chikuoneka chathunthu.

Nayiloni ndiye wofunika kumumvetsa bwino, chifukwa ubwino wake ndi kuopsa kwake ndi chinthu chimodzi. Amatamuka kwambiri. Zingwe za nayiloni zopangidwira kuvuula magalimoto zimatalika ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse, n'kubwerera. Kutamukako kumameza kugunda, ndipo mphamvu imene chingwe chasunga imathandiza kusolola galimoto m'matope mofewa. Ichi ndi chokokera chokhacho chimene chimalola kuyamba chili chokhwepa pang'ono, ndipo n'chifukwa chake thalakitala yaing'ono imatha kuvuula chinthu chimene tcheni chikanalephera. Ku dothi la makande la ku Chigwa cha Shire, lija logwira tayala ngati ulimbo, chingwe chotere chimaonetsa ntchito yake.

Koma mphamvu yosungidwayo siifunsa kuti chamasuka n'chiyani. Lole ikatuluka, zili bwino. Pini ikathyoka, kapena chitsulo chimene munakolako chikazuka, chingwe chimaponya chitsulocho kutsata mzere wake, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli mutu wa dalaivala. Ku Australia anthu afapo motere, mpaka boma linalamula kuti malamba otamuka ovuulira magalimoto azigulitsidwa ali ndi chenjezo ndi mphamvu yake zolembedwa. Ndiye chingwe cha nayiloni chisakhale ndi ngowe kumapeto, chisalumikizidwe ndi tcheni, ndipo chisakoledwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, chifukwa kameneko kamathyoka pakhosi. Pa chitsa ndiye musayerekeze. Chitsa chimakana, kukana, kenako n'kuzuka kamodzi, ndipo chingwe chotamuka chimachibweretsa kwa inu.

Pogula, opanga ambiri amalangiza kuti mphamvu yodukira chingwe ikhale kawiri kapena katatu kulemera kwa galimoto yopepukirapo pa ziwirizo. Chochepa chiduka, koma chachikulu mopitirira sichitamuka mokwanira ndipo chimangokhala ngati tcheni. Kumbukiraninso kuti nayiloni akanyowa amataya magawo 10 mpaka 15 pa 100 a mphamvu yake, ndipo ife timavuula magalimoto pamene pali madzi. Asidi wa batire amamuononga mwakachetechete, choncho musamusunge pamodzi ndi batire m'bokosi. Mchenga ukalowa mkati umacheka ulusi, ndiye mukachoka ku matope muchape ndi madzi, muyanike pa mthunzi.

Mfundo imachotsa mphamvu ya chingwe chilichonse, nthawi zina mpaka theka. Chingwe chokokera chizikhala ndi maso olukidwa kumapeto konse kuwiri.

Pali chingwe china chatsopano, chopangidwa ndi ulusi umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Dyneema, lochokera ku Netherlands. Chimalimba ngati waya wachitsulo wa msinkhu womwewo koma n'chopepuka moti chimayandama, ndipo sichitamuka kwenikweni, kotero chikaduka sichibwerera mwaukali ngati nayiloni. N'chokwera mtengo, chimasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 150, ndipo mwala wakuthwa umachicheka. Kwa amene angachipeze ndi chabwino potalikitsa kuti thalakitala iime pouma, koma chimafuna kukoka kwachifatse ngati tcheni.

Lamba

Apa m'pamene anthu amasokonezeka kwambiri, chifukwa malamba atatu ofanana maonekedwe ali ndi ntchito zitatu zosiyana.

Woyamba ndi wa ratchet, womangira katundu pa lole. Ngakhale atalembedwa matani 5, nambala imeneyo ndi yomangira, ndipo tingowe take topindidwa timawongoka tikakokedwa mwamphamvu. Ameneyu si wokokera, basi. Wachiwiri ndi lamba wa nayiloni wovuulira, amene ali ndi maso osokedwa kumapeto, opanda chitsulo. Khalidwe lake ndi lija la chingwe cha nayiloni, ndi malamulo ake omwewo.

Wachitatu ndi amene ndimamukonda pa ntchito zambiri za pa famu: lamba wa polyester wonyamulira katundu ndi kireni. Satamuka kwambiri, sataya mphamvu akanyowa, amapirira dzuwa kuposa anzake, ndipo mtundu wake umakuuzani mphamvu. Pa muyezo wa ku Ulaya umene opanga ambiri amatsata, wofiirira mwa papo ndi tani 1, wobiriwira matani 2, wachikasu matani 3, wotuwa matani 4, wofiira matani 5, wabulawuni matani 6, wabuluu matani 8, waolenji matani 10 kapena kuposa. Ambiri ali ndi mizere yakuda m'litali mwake, mzere umodzi kuimira tani imodzi. Poduka pake ndi ka 7 kuposa nambala yolembedwa, ndiye wachikasu amaduka cha m'ma matani 21, chikhalirecho mwana akhoza kumunyamula pa phewa. Kachikwangwani kosokedwa pa lambayo kakakhala ka buluu ndiye kuti ndi polyester, kakakhala kobiriwira ndi nayiloni.

Lamba sakanda penti, sapinda mapaipi, ndipo sasenda khungwa mukamuzunguliza pa mtengo wamoyo. Pokoka galimoto yaing'ono, thanki ya madzi kapena makina a pa munda, ndi amene ndimatenga. Mdani wake ndi chinthu chakuthwa. Lamba wokungika akakhudza m'mphepete mwa chitsulo amadulidwa ngati nsalu pa lumo, ndipo kachilonda kakang'ono m'mbali mwake kamang'ambika kupitirira. Pamene akukhudza ngodya ikanipo chidutswa cha tayala lakale kapena cha payipi. Wochekeka, wosungunuka penapake kapena wothothoka ulusi wosokera, mutayeni. Musamukwekwereze pansi kumbuyo kwa chipika, ntchito imeneyo ndi ya tcheni. Mukamukoleka mothina, kulowetsa mbali imodzi m'diso la inzake, werengerani kuti mphamvu yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 5.

Malamba awiri musawalumikize ndi chitsulo pakati. Lowetsani diso m'diso linzake, pakati pake muikepo thumba lopindapinda kuti asakanirirane.

Waya wachitsulo

Malo ake ndi pa winch, makina okoka pokulunga waya, pamene amakulungidwa bwino ndi kukoka mosadukiza. Womangomangirira kumbuyo kwa thalakitala amapindika, ndipo popindikapo sipawongokanso. Timawaya tothyoka timang'amba manja, ndipo akaduka amakwapula moopsa. Ngati mukupanga diso ndi tizitsulo tomanga ndi manati, tikhale tosachepera 3, ndipo mbali yake yophwatalala ikhale ku waya amene akunyamula katundu, yopindika ngati U ikhale ku kamchira kotsala. Mlimi wamba amene alibe winch sataya kanthu akapanda kumugula.

Pokolera ndi pamene pali moyo wa dalaivala

Mukhoza kugula tcheni chabwino kuposa onse m'boma lanu, koma mukachikola pamalo polakwika, kulimba kwakeko ndi kumene kungakupheni. Thalakitala imakokera pa drawbar, chitsulo chija chili pansi, kumunsi kwa ekiselo ya matayala akumbuyo. Pa ekiselo yeniyeniyo ayi, pa pini ya top link (mkono wapamwamba wokolera pulawo) ayi, pa mikono yonyamulira pulawo itakwezedwa ayi.

Chifukwa chake n'chakuti injini imazunguza matayala akumbuyo, ndipo katundu akakana kusuntha matayala atagwira nthaka, mphamvuyo imazunguza thupi la thalakitala m'malo mwa matayala. Kutsogolo kumadzuka. Chokokera chikakhala pansi pa ekiselo chimalimbana ndi kudzukako, koma chikakhala pamwamba chimathandizira. Akatswiri a zachitetezo cha m'minda amati thalakitala imafika posabwereranso m'magawo atatu mwa anayi a sekondi imodzi, ndipo imakhala itagwa chagada m'sekondi imodzi ndi theka. Phazi silifika pa klatchi m'nthawi imeneyo, makamaka munthu atatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Vutoli ndi lakale. Mathalakitala a Fordson a m'zaka za m'ma 1920 ankadziwika ndi kugudubukira kumbuyo pulawo ikakodwa, ndipo njira yokolera pulawo pamalo atatu imene katswiri wa makina Harry Ferguson anapanga inathandiza kuchepetsa ngoziyo. Koma chitetezo chimenecho chimagwira pa chipangizo chokoledwa pamalo onse atatuwo, osati pa tcheni chokoledwa pamwamba. Dziko la Sweden linayamba mu 1959 kulamula kuti mathalakitala atsopano azikhala ndi chitsulo chotetezera dalaivala ikagudubuka. Ambiri mwa athu kuno alibe, kapena chinachotsedwa kuti ilowe m'shedi. Ngati yanu ili nacho, chisiyeni, ndipo muzimanga lamba wa pa mpando.

Pa chifukwa chomwechi, thalakitala yanu ikatitimira yesani kutuluka chobwerera m'mbuyo, ndipo musamangirire chipika ku matayala akumbuyo n'kuyesa kupita kutsogolo. Pokwekwereza chipika, mutu wake ukakodwa pa chitsa zimachitika zomwezo, ndiye yenderani njira kaye, ndipo mutuwo muukhazike pa boneti yakale ya galimoto kuti uzitsetsereka.

Cholumikizira chikhale shackle, chitsulo chonga U chotsekedwa ndi pini, yodindidwa mphamvu yake pa thupi, monga ya matani 4.75 kapena 6.5, ndipo ipose chokokera chanu. Pini ya drawbar ikhale pini yeniyeni yokhala ndi chotsekera pansi, osati bawuti yotola kapena chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba. Ku galimoto yokokedwayo funani malo amene anapangidwira kukokera, kapena chimango chenicheni. Bampala ndi tizitsulo ta chiwongolero sizikokedwa.

Ndipo anthu. Kwathu kuno galimoto ikatitimira mudzi wonse umabwera, ena kudzathandiza, ana kudzaonerera. Asanalize injini, aliyense afutukire kutali kuposa kutalika kwa chokokeracho kawiri, ndipo aime cham'mbali, osati kutsogolo kapena kumbuyo. Wolamula akhale mmodzi, woonedwa ndi madalaivala onse awiri. Pakati pa chokokera yalanipo thumba lonyowa lolemera kapena tenti yopinda kuti chikaduka chigwere pansi. Wina asadumphe chingwe chokungika.

Ndiye mugule chiti?

Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, ndipo thalakitala yanu ndi ya msinkhu wa 375, gulani tcheni cha Grade 80 cha mamilimita 10, mamita 5 kapena 6, chokhala ndi ngowe za giredi yomweyo, pamodzi ndi shackle ziwiri. Chidzagwira zipika, zitsa ndi kukoka kwachifatse kwa zaka zambiri mukamachipachika pouma n'kuchipaka oyilo. Pa chitsa, kumbani mozungulira, dulani mizu ndi nkhwangwa, tcheni chingomalizitsa.

Chachiwiri chikhale lamba wa polyester wachikasu kapena wofiira, wa magalimoto ndi makina. Chingwe cha nayiloni chovuulira chibwere pomaliza, kwa amene ntchito yovuula ndi ya chaka chilichonse, ndipo chizigwiridwa ndi dalaivala amene wamvetsa za legeni ija.

Pali ntchito imodzi imene zonsezi siziyenera: kukoka ngolo kapena galimoto yopanda mabuleki pa msewu wotsetsereka. Tcheni, chingwe ndi lamba zimakoka koma siziimitsa, ndiye thalakitala ikachepetsa liwiro katunduyo amadzaigunda kumbuyo. Pamenepo pamafunika chitsulo chowongoka cholumikiza ziwirizo. Galimoto zambiri injini ikazima mabuleki ndi chiwongolero zimalimba, ndipo malole a mabuleki a mpweya amatha kumangika mpweyawo ukatha, choncho funsani dalaivala wake musanayambe.

Lole ya feteleza ija tinaitulutsa dzuwa likulowa. Tinatsitsa matumba opitirira theka, tinakumba kutsogolo kwa tayala lililonse, tinayala miyala ndi nthambi, ndipo tinabwereka tcheni chathunthu ku famu yoyandikana nayo. Mkulu uja anaima cham'mbali atakweza dzanja, n'kumauza dalaivala wathu kuti, "Pang'onopang'ono mwana wanga, giya yoyamba, usachotse phazi pafupi ndi klatchi." Dalaivala wa lole naye anathandizira ndi injini yake. Tcheni chinakungika, matope analira, lole n'kukwera pouma ulendo woyamba womwewo. Matumba tinawasenza pamutu kuwolotsa dambo mpaka usiku.